Tsiku Limene a Kondakitala Anayang'ana Kunyanja

"Njinga iyo kumanzere kwanu, bambo, yanyamula nkhuni. Taonani mmene wazisanjikizira, ngati akusamuka!"

A Dalaivala anapotoza chiwongolero pang'ono, galimoto n'kuilambalala njingayo bwinobwino. Kalavani imene ankakoka kumbuyo, kanyumba ka matayala awiri kokhala ndi mabedi ndi kambaula ka gasi, inagwedezeka kamodzi n'kubwerera mumzere.

"Ndaiona kalekale imeneyo," anatero a Dalaivala.

Linali bodza. Njingayo sanaione, ndipo akazi awo, amene banja lonse linkawatchula kuti a Kondakitala, ankadziwa bwino kuti sanaione. A Dalaivala anayendetsa mabasi moyo wawo wonse osaphwanya ngakhale galasi, ndipo nkhani imeneyi ankaiuza aliyense wowapatsa moni. Koma atapuma pa ntchito, ng'ala inayamba kuwaphimba maso onse awiri. Za chipatala sankafuna n'kumva komwe. "Akakandilanda laisensi, inu mungokumba manda," anatero tsiku lina, ndipo sankaseka.

Kuyambira pamenepo banjali linapeza njira yake, ngakhale sanakhalepo pansi n'kupangana. A Dalaivala ankagwira chiwongolero, a Kondakitala n'kumatchula zonse za mumsewu ngati munthu wongokonda kucheza. Mbuzi, dzenje, mlatho, wapolisi, zonse ankazikulunga m'nthabwala kuti wokwera wina asazindikire. Dzina la Kondakitala linachokera pomwepo, ana akumawaseka kuti pakamwa pawo sipapuma akakwera galimoto. Lamulo linali limodzi lokha, losalembedwa: a Kondakitala akakhala chete, ndiye kuti msewu uli bwino.

M'tauni yakwawo zinkatheka, chifukwa misewu yake a Dalaivala ankaidziwa ngati kuchipinda kwawo. Koma uno unali msewu wachilendo wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ulendo umene anawalonjeza akazi awo akadali anyamata a ndevu zakuda. Kalavani anachita kugula yogwirapo kale, n'kuipenta okha, mizere yake yokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Mwana wawo wamwamuna anakanizidwa tchuthi kuntchito, choncho anatumiza mkazi wake ndi kamtsikana kawo kuti atsogole ndi makolo, iye akawapeza kudoko kumene msewuwo unkathera. Kamtsikanako kanali kasanayambe sukulu, koma kankafunsa mafunso ngati woweruza milandu, n'chifukwa chake ankakatcha Kamafunso.

Anadutsa m'midzi ya asodzi momwe maukonde anayanikidwa pamchenga. Anaima pa linga lakale la mizinga yadzimbiri, anaona madambo oyera mbee momwe anthu amakololamo mchere. Mpongozi ankajambula zithunzi pa foni, Kamafunso akutola zigoba za nkhono n'kumazibisa pansi pa pilo mpaka kalavani yonse kununkha. Nyanja inali kumanzere, mbali yomwe kunali mpando wa a Kondakitala, koma galimoto ikamayenda iwo sankatembenuzira khosi kumeneko ngakhale pang'ono. Maso awo ankakhala pa phula basi. Akaima penapake, mutu unkakhala ukuwawa, maso akuyabwa, ndiye ankangolowa mu kalavani n'kudziphimba kumaso ndi kansalu konyowa. Anthu anabwera kudzaona nyanja, iwo ankangoona maenje.

Ndipo mantha anali atawagwira. Kwawo akakwera awiriwiri ankadziuza kuti akafa afera limodzi, nkhalamba ziwiri, palibe wodandaula kwambiri. Tsopano kumpando wakumbuyo kunali mwana wa eni ake ndi mdzukulu.

M'mawa umenewo anaima pa nsanja yaitali ya nyali yotsogolera sitima zapamadzi. Mphepo inkawomba yozizira, kumwamba kuli mitambo yotuwa ngati phulusa. A Dalaivala anamugwira dzanja Kamafunso n'kuloza kunyanja.

"Ukuiona sitima iyo? Imeneyo yanyamula magalimoto, ikuchokera kutali."

"Agogo, si sitima imeneyo. Ndi mwala."

"Ndimakuyesa, iwe! Ndimafuna ndione ngati uli ndi maso," anatero a Dalaivala akuseka mokweza.

A Kondakitala nawo anaseka, mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Mpongozi sanaseke.

Mayi wogulitsa matikiti pa nsanjapo anayang'ana kalavani ija, kenako n'kuyang'ana phiri limene linali kutsogolo kwawo.

"Mukwera kumtundako ndi chinyumba chimenechi? Mvula ija inaudya msewu m'mbali, malo ena angoikapo migolo. Muziyenda chapakati. Koma mukakhala ndi mwayi muona anamgumi, ino ndi nyengo yawo."

"Mayi, ine ndakwera mapiri ndi basi yodzaza anthu inu musanabadwe," anayankha a Dalaivala.

Pa nthawi ya tiyi, a Dalaivala anaumirira kuthira okha. Tiyi anatsika bwino kuchokera mu ketulo, n'kutera patebulo, pambali penipeni pa kapu. A Kondakitala anakankhira kapuyo pansi pa mtsinje wa tiyiwo mwachangu, akunena kuti tebulo la mu kalavani ndi lopendekeka. Koma atadzutsa mutu anapeza maso a mpongozi ali pa iwo.

Mpongoziyu sanali munthu wa mawu ambiri. Ntchito yake inali yoyendetsa galimoto yogawa buledi m'magolosale, ndipo msewu ankaudziwa. Anadikira mpaka a Dalaivala atatuluka ndi mwana, iye ndi a Kondakitala akutsuka makapu mu kabeseni.

"Amayi, ndifunse nawo. Abambo maso ali bwinobwino?"

A Kondakitala anapitiriza kupukuta kapu youma kale. Mpata unali umenewo. Chikanangofunika n'kutsegula pakamwa, mtolo wonse n'kutula. Koma anaona m'maganizo mwawo amuna awo atakhala pakhonde kwawo, manja ali pa maondo, opanda kopita, akufota ngati ndiwo zamasamba zotsala pamsika. Munthu ameneyu anali asanawatukwanepo, anali asanagonepo kunja. Chuma chake chonse chinali chiwongolero.

"Ndi kuwala kwa madziku, mwana wanga. Kumathobwa m'maso. Ngakhale ine ndikuona nyenyezi."

"Dzulo pa mlatho paja anatsala pang'ono kukhula chitsulo."

"Mlatho wake unali wopapatiza."

"Ndikhoza kuwalandirako pa phiri lokhali. Kalavani si yosiyana kwenikweni ndi ngolo imene ndimakoka kuntchito."

"Ukawauze wekha zimenezo, uone ngati tidye nkhomaliro lero," anatero a Kondakitala, akuyesa kuseka.

Mpongozi anaika kapu mu kabati, n'kutseka kachitseko mosamala. "Chabwino, amayi. Poti mwatero inu."

Chimene a Kondakitala anachita pambuyo pake n'chimene chinali choipa kuposa bodza lija. Ankadziwa kuti pa phiripo nthabwala sizikwanira, pafunika kulankhula mosabisa, kona ndi kona. Ankadziwanso kuti mpongozi akakhala kumpando wakumbuyo, makutu ake adzakhala ali tcheru. Ndiye Kamafunso atadandaula kuti m'mimba mukumupota, monga ankachitira msewu ukakhala wokhotakhota, a Kondakitala anapezerapo mwayi.

"Lowani naye mu kalavani, agone pa bedi. Mu galimotomu asanzanso."

"Amayi, mu kalavani samakweramo anthu ikamayenda."

"Ndi pafupi pomwepa, kungokwera n'kutsika. Taona mmene wafookera mwanayu."

Mpongozi anayang'ana mwana, anayang'ana apongozi ake. Anali woleredwa bwino, ndipo kuleredwa bwinoko n'kumene kunamulowetsa mu kalavani. A Kondakitala anawatsekera chitseko ndi dzanja lawo.

Msewu unayamba kukwera. Kumanja kunali thanthwe lakuda lochucha madzi, kumanzere phompho, ndipo pansi pake penipeni mafunde ankamenya miyala ndi mkokomo womveka ngakhale mawindo ali otseka. Nkhungu inkabwera m'magulumagulu, kuphimba msewu, n'kuchoka, n'kubweranso. Galimoto inkalira pa giya yotsika, kalavani ikuikoka kumbuyo ngati mwana wokana kupita kusukulu.

"Kona ya kumanja. Chepetsani. Chepetsaninso. Lole ikutsika, khalani pomwepo. Yadutsa. Miyala yagwera mumsewu, pitani chapakati."

Aka kanali koyamba kuti alankhule chonchi, popanda mbuzi zoseketsa kapena njinga zosamuka. Onse awiri anamva kusiyana kwake. Zala za a Dalaivala zinali zitauma pa chiwongolero, khosi atalitambasulira kutsogolo, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Lero mukulankhula ngati wapolisi," anatero.

"Bambo, bwanji mpongozi atagwirako pano pokha? Tikatsika phirili mutenganso."

"Mukuti chiyani?"

"Pano pokha."

"Ine ndikhale kumbuyo ngati thumba la makala, mkazi wa mwana wanga akundiyendetsa? Mawa akauze mwamuna wake, mwamuna wake auze azibale, kenako dziko lonse lidziwe kuti a Dalaivala anatha?" Mawu awo anatsika, anakhala ngati a munthu wopempha. "Inu ndi ine takwana, mayi. Takhala tikukwana nthawi yonseyi. Ingolankhulani."

A Kondakitala anapitiriza kulankhula. Thukuta linkatsika kumsana ngakhale kunkazizira. Pa kona iliyonse ankamva kalavani ikulendewera kumbuyo, ndipo mtima unkapita kwa Kamafunso ali gone pa bedi, zigoba zake zili pansi pa pilo.

Atafika pamwamba, msewu unawongoka. Nkhungu inang'ambika mwadzidzidzi, dzuwa n'kutulukira, ndipo kumanzere kwawo china chake chachikulu chinasuntha. Iwo sanafune kuyang'ana. Khosi linangotembenuka lokha.

Nyanja yonse inali poyera, yobiriwira, yopanda malire. Ndipo pakati pake chinyama chakuda, chachitali kuposa basi iliyonse imene amuna awo anayendetsapo, chinatumphuka m'madzi chathunthu, madzi akuyoyoka m'mbali mwake, chinapendekeka m'mwamba pang'onopang'ono ngati chilibe changu, n'kugwa chagada. Thovu linakwera loyera. Pambali pake kanatumphukanso kena kakang'ono. A Kondakitala anangoti kukamwa yasa. Moyo wawo wonse anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo kwa kanthawi kochepa anaiwala kuti iwo ndi maso a munthu.

A Dalaivala anamva kuti akazi awo ali chete. Anaponda mafuta.

Phokoso la mgolo linamveka ngati bomba. Unagunda kutsogolo kwa galimoto, unadumpha, n'kugubuduzika kulowera kuphompho. A Kondakitala anakuwa, a Dalaivala anakhotetsera kumanja ndi mphamvu zawo zonse. Galimoto inadutsa pamalo pamene msewu unagumuka m'mbali. Koma kalavani inali yotakata kuposa galimoto. Kunamveka kukhuluka kwa chitsulo pa phula, galimoto inagwedezeka ngati yagwidwa mchira, n'kuzima.

Kenako kunangoti zii. Mgolo uja unamveka ukugunda miyala kutali pansi, kamodzi, kenako kachiwiri.

A Kondakitala sanadziwe mmene anatulukira. Tayala lakumanzere la kalavani linali m'malere, likuzungulirabe pang'onopang'ono pamwamba pa phompho. Kanyumba konse kanali katapendekera kunyanja, kakungogwiridwa ndi chitsulo cholumikizira ku galimoto, ndipo chitsulocho chinkalira. Dothi linkagumuka pansi pake pang'onopang'ono. Chitseko cha kalavani chinali mbali yomweyo ya kuphompho.

M'katimo Kamafunso anayamba kulira.

"Musagwedezeke!" anakuwa a Kondakitala. "Mwana wanga, musayandikire chitseko!"

Windo la mbali ya kumsewu linatseguka. Nkhope ya mpongozi inaonekera, magazi akutsika pachipumi, koma mawu ake anali ozizira. "Amayi, bwerani pafupi. Landirani mwana."

Anamutulutsa miyendo poyamba. A Kondakitala anamulandira, anamukumbatira, n'kuthamanga naye kukamukhazika m'munsi mwa thanthwe, tsidya lina la msewu. Potembenuka, anaona chinthu chimene chinawaumitsa thupi lonse.

A Dalaivala anali atatuluka m'galimoto. Ankayenda chakumbuyo kwa galimotoyo mbali ya kunyanja, dzanja limodzi likupapasa m'mbali mwake, phazi likufufuza pansi. "Tayala lili pati?" ankafunsa. "Mayi, ndiuzeni, tayala lili pati? Ndiikoka, ingondiuzani." Tayalalo linali patsogolo pawo penipeni, poti mwana aliyense akanaliona. Ndipo phula linkathera pafupi ndi nsapato yawo. Anakweza phazi kuti apondenso.

A Kondakitala anawagwira malaya kumsana n'kuwakoka mwamphamvu mpaka mabatani anadumpha. Onse awiri anagwera pa phula.

Atadzutsa mutu, anaona mpongozi atatulutsa theka la thupi pawindo, akuwayang'ana. Anali ataona zonse.

Lole ya anthu okonza msewu inawapeza ali chomwecho. Anyamata ake anamanga tcheni, anakuwizana, anakoka, mpaka tayala linabwerera pa phula. Kalavani inali itaphwanyika pakona, m'kati makapu onse ali zidutswazidutswa, koma inkatha kuyenda. Mkulu wa anyamatawo anapukusa mutu, anati akanachedwa pang'ono dothi lija likanapita nayo, mwinanso n'galimoto yomwe. Anaimika migolo ina pamalopo, anakwera lole yawo n'kumapita.

Mphepo inayambanso. Mpongozi anali atakhala pamwala, kansalu kali pachipumi, mwana ali pamiyendo. A Dalaivala anakonza malaya awo opanda mabataniwo, anapapasa m'thumba, makiyi n'kulira. Anayenda molunjika kuchitseko cha woyendetsa.

"Tiyeni, kusanabwerenso nkhungu."

A Kondakitala anafika pachitsekopo iwo asanafike, n'kuima motsamira chitsekocho.

"Bambo, perekani makiyi kwa mpongozi."

"Tachokani apo."

"Sindichoka."

"Munakhala chete!" Mawu a a Dalaivala anasweka. "Inu munakhala chete! Mukanalankhula, zonsezi sizikanachitika. Mumayang'ana kuti?"

"Ndimayang'ana kunyanja," anatero a Kondakitala. Misozi inali ikutsika, koma sanaipukute. "Ndinakhala chete, ee. Ndipo mawa ndidzatsokomola, kapena kuyetsemula, kapena kuodzera, chifukwa ndine munthu. Simukuona, bambo. Ng'ala yakutherani maso. Njinga ya m'mawa ija simunaione, mgolo simunauone, phompho ili simunalione. Ndakhala ndikukunamizani, inunso mukundinamiza, ndipo lero tikanapha mwana."

Anali asanawalankhulepo chotero amuna awo, ndipo anawalankhula pamaso pa mpongozi. A Dalaivala anangoima pomwepo. Ankaoneka ochepa thupi, ngati malaya aja ndi obwereka. Kenako anatambasula dzanja, makiyi ali pachikhatho. Analitambasulira kumene ankaganiza kuti kuli mpongozi, koma kumeneko kunali mgolo. Mpongozi anadzuka, anazungulira mwakachetechete kukaima kutsogolo kwa dzanjalo, anapinda maondo pang'ono n'kulandira ndi manja awiri.

"Zikomo, abambo."

A Dalaivala anapapasa chitseko chakumbuyo, analowa, n'kukhala atayang'ana kuthanthwe. Akazi awo atawakhudza paphewa kudzera pawindo, anasuntha phewalo.

A Kondakitala anapuma mozama. Zinawawa, koma zinali zitatha, ndipo onse anali amoyo. Anapita kwa mpongozi, amene ankayang'ana chitsulo cholumikizira chija mwana ali m'manja.

"Bwera naye kuno, mwana wanga, ndimufukate kumbuyoku iwe uziyendetsa."

Mpongozi anaweramuka. Sanakweze mawu, ndipo ulemu wake unali wonse.

"Abambo ndilibe nawo chifukwa, amayi. Maso ndi matenda, angagwire aliyense. Koma inu mumaona. Ndinakufunsani m'mawa uno, tili awiri, munandiyankha za kuwala kwa madzi. Kenako munatilowetsa mmenemo, n'kutseka chitseko ndi dzanja lanu, mukudziwa amene akuyendetsa."

"Mwana wanga, ndimaopa kuti..."

"Ndamva, amayi. Bambo ake a mwanayu ndikawafotokozera ndekha tikafika."

Anatsegula chitseko chakutsogolo, pampando umene a Kondakitala anakhalapo zaka zonsezi, n'kumukhazikapo Kamafunso. A Kondakitala analowa kumbuyo, pambali pa amuna awo amene sanatembenuke. Injini italira, kamtsikanako kanasuzumira pakati pa mipando, maso ali otupa ndi kulira.

"Ndikufuna kwa agogo."

A Kondakitala anali atatambasula kale manja.

"Ayi," anatero mpongozi, akukoka lamba n'kumumanga mwanayo. "Ukhala pompano ndi ine."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, chapakati pa msewu. A Kondakitala anabweza manja awo n'kuwaika pamiyendo.